Makapu Anayi a Amayi

Lolemba, 4 Meyi

Amayi atuluka m'chipatala lero. Adokotala akuti mtima watopa, sukupopa bwino, ndiye madzi akumadikha m'miyendo ndi m'chifuwa. Malamulo: mchere pang'ono, mankhwala m'mawa, zakumwa zonse zisapose lita imodzi patsiku. Lolemba lililonse kukakwera sikelo. Makilo akakwera, bedi lija likuwadikira.

Potuluka pageti, Amayi anandigwira mkono. "Ndikabwereranso m'wodi muja, mudzanditulutsira khomo lakumbuyo." Sankaseka.

Za lita zija zinavuta pang'ono. Anesi atatchula, Amayi anangowayang'ana ngati awatukwana m'chinenero chachilendo. Anesi, munthu wachifundo, anamasulira: "Makapu anayi, agogo." Ine, mphunzitsi wa sayansi amene ana a sukulu amanditcha Mayi Mita, ndinagwedezera mutu ngati wanzeru.

Lachitatu, 6 Meyi

Ndagula jagi ya mizere, yoonetsa mamililita. Amayi aitembenuza uku ndi uku, kenako aikamo maluwa apulasitiki n'kuikhazika pakabati. "Ine si chule wa ku labu kwanu, aphunzitsi." Akanditcha aphunzitsi ndiye kuti nkhani yatha.

Nyumba ino ili ndi miyeso yakeyake. Mchere ndi "kadzanja". Mafuta ndi "mpaka aoneke". Kuchipatala ndi "pompano apa", ngakhale munthu ufike malovu atauma. Digiri yonseyi, khitchini ya amayi anga omwe yandikanika.

Madzulo kunabwera Achimwene kuchokera kugalaja, manja bii ndi girisi. Iwo ndi a mpingo wina: magaloni, mamailosi, sipanala ya hafu inchi. Akuti mamilimita ndi a anthu amantha, oopa kuyeza ndi diso. Ndinawafunsa kuti mailosi imodzi ili ndi mainchi angati. Anakumbukira mwadzidzidzi kuti kasitomala akuwadikira.

Loweruka, 9 Meyi

Ana anga a m'kalasi akanamamvera ngati Amayi, bwenzi ndili wonenepa. Mchere asiya, ndiwo akudya uku akuzipepesa. Makapu anayi ndendende, tiyi akumuwerengera pomwepo. Akamaliza kapu amaika nyemba imodzi pazenera. Pofika madzulo nyemba zinayi zili ndondondo. Palibe anawauza zimenezi. Kamtima kanga mbee.

Lolemba, 11 Meyi

Sikelo. Kilo imodzi ndi theka pamwamba.

Anesi anadina chala pamwendo wa Amayi, kadzenje kanatsala pomwepo osabwerera. "Kapena mukumaba madzi, agogo?" Ananena moseka, koma Amayi mawuwo anawalasa mtima. Atipatsa sabata. Zikapitirira, agonekedwa.

Ndinakayikira Achimwene, kuti mwina akumawazembetsera zoziziritsa kukhosi. Ndawaimbira, takangana. Alumbira. Maganizo awo akuti sikeloyo ikunama chifukwa ndi ya makilo, ikanakhala ya mapaundi bwenzi ikunena zoona. Munthu ameneyu tinayamwa bere limodzi. Sindimvetsa.

Lachinayi, 14 Meyi

Nsapato za Amayi sizikulowa. Akugona chokhala, mapilo kumsana. Kuchoka kuchipinda kufika kukhitchini, wefuwefu. Nyemba zinayi pazenera.

Dzulo ndinalemba pabolodi kuti mamililita 1000 ndi lita imodzi, n'kungoima, choko m'manja, mpaka ana anayamba kutsokomola dala. Malipiro nawo atupa miyendo, sakufika.

Ndikuopa. Ndalemba, basi.

Lachisanu, 15 Meyi

Kapu!

Ndaweruka msanga, ndapeza Amayi akutsuka kapu ya malemu Abambo. Chikapu chachitsulo chija, chobiriwira, chosupuka pamlomo, chimene Abambo ankati ukamwera tiyi m'menemo nkhomaliro ndi mwambo chabe. Chichokereni Abambo, Amayi samwera china. Ndimachiona tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake sindinachione.

Maluwa kunja kwa jagi. Ndadzaza kapu, ndakhuthulira. Madzi aima pa 500. Theka la lita. Kapu imene ili m'mutu mwa anesi ndi ya 250. Ndiye kuti Amayi akhala akumwa malita awiri patsiku, mokhulupirika, nyemba zikuchitira umboni.

Ndinakhala pansi pasimenti n'kuyamba kuseka, kenako kusekako kunasanduka zina. Amayi anaima ndi kansalu kopukutira mbale. "Ndiye kuti sindinabe?"

Simunabe, Amayi.

Loweruka, 16 Meyi

Nkhondo kuyambira m'mawa. Ndinawapatsa kakapu kagalasi ka 250. Sanakakhudze n'komwe. "Abambo ako undilande kachiwiri?" Ndinakabweza pakabati. Ndinati chabwino, ndijambule mzere pakati pa kapuyo ndi penti wa zikhadabo, azithira theka kanayi patsiku. Akananso. Akuti Abambo sankamwa tiyi wa theka, ankati kapu yosadzaza ndi ya mlendo amene simukumufuna.

Ndinapita kukachapa, kuti mkwiyo uthere pa makolala.

Pobwera ndinapeza pazenera nyemba ziwiri, zinazo zili kale mumphika. "Wati kapuyi ndi theka la lita yakoyo? Ndiye lita imodzi ndi abambo ako awiri. Ukadanena choncho poyamba." Mmodzi kuyambira m'mawa mpaka masana, wina mpaka kogona. Kumwa pang'onopang'ono, ngati kucheza.

Achimwene anafunsa kuti nanga galoni ndi abambo angati. Amayi: "Iwe unali ndi mmodzi, ndipo ankakukwanira." Zoona, lamba uja tonse tikumukumbuka.

Lolemba, 18 Meyi

Sanagonekedwe!

Sikelo yatsika pang'ono, koma yatsika. Ndinayamba kufotokoza mwaphunzitsi, Amayi anandidula pongotulutsa chikapu m'chikwama n'kuchikhazika patebulo, gu! Anesi anagwira pakamwa. Anapepesa za kuba zija, kawiri. Amayi anawakhululukira ngati mfumukazi: "Mwana wanga, ukamati kapu, uziyamba wafunsa kuti ya ndani." Anesi anachijambula ndi foni, akuti akaonetse anzawo.

Ludzu ndiye likuwazunza, milomo gwa. Chilolezo chaperekedwa choti aziyamwa kachidutswa ka ayisi. M'basi anandinong'oneza: "Ka ayisi kamodzi ndi mamililita angati?" Ndinayang'ana kunja kuti asaone mano anga.

Lolemba, 25 Meyi

Makilo awiri apita. Nsapato zalowa, zamatchalitchi zomwe. Pilo mmodzi wabwerera kuchipinda kwanga.

Pabenchi yodikirira ndinangochoka pang'ono kukatenga mankhwala. Pobwera, Amayi ali pakati, odwala anzawo atatchera khutu. Mawu akuti "mamililita" akuwatchula monyadira ngati dzina la mdzukulu amene wakhoza mayeso. Abambo ena a chipewa anaulula kuti anauzidwanso makapu anayi, koma amamwera m'chigubu chodula pakati. Amayi anapukusa mutu ngati sanachitepo zotere chibadwire. Awalongosolera njira ya kwathu. Ine osandifunsa.

Lachitatu, 27 Meyi

Ndafika kuchokera kuntchito, pakhonde anthu. Abambo a chipewa aja ndi chigubu chawo, mayi wa nyumba yoyandikana nafe ndi botolo la mwana, ena sindikuwadziwa. Aliyense kapu m'manja ngati kukugawidwa zaulere. Maluwa apulasitiki ali m'ndowa, ntchito yawathera. Amayi pampando, magalasi a Abambo pamphuno, jagi m'mwamba kuloza kuwala, akuwerenga mizere mokweza. Woyezedwa amamatidwa kapepala pansi pa kapu.

Kumapeto kwa mzere, Achimwene, fulasiki yawo kukhwapa. Akuti angofuna kutsimikiza kuti jagiyo imanama.

Ine zaka zonsezi ndikulalikira ndi choko, wotembenuka mtima palibe. Amayi sabata imodzi, mpingo wadzaza khonde. Ndipo akuyankhula osapumira, mpweya ukukwana. Ndaima pakhomo kumvetsera zimenezo zokha.

Amayi akundiitana. "Aphunzitsi!" Koma lero liwu lake lina. Akuti pabwera wina ndi chikapu chimene chadutsa mzere wa 500, ndikachitire umboni msanga, chifukwa iwo sakukhulupirira kuti padziko pano pangakhale munthu woposa Abambo.