Mawu a Petulo m'Mbale Ziwiri

Lolemba, 8 Juni 1998

Makaseti a malemu achimwene anga a Petulo achita nguwi. Nyimbo zakudambwe zimene ankadziwa iwo okha zili mmenemo. Ine ndimagwira mitu yake chabe. Gerevazio, mwana wa mlongo wanga, akuti tiziike m'kompyuta ya kushopu kwake ku boma. Ndalola chifukwa anagula njira, si mwana.

Lachitatu, 10 Juni

Tsiku lonse kushopu. M'makinamo muli mbale ziwiri zachitsulo, akuti madisiki, zomangidwa goli limodzi, akuti RAID. Amaziyesa liwiro ngati ng'ombe zangolo, woyendetsa wina Windozi, wina Linakisi. Linakisi watsogola.

Kasungidwe kali pawiri. Kena, mbale iliyonse isenze nyimbo zonse. Kena, nyimbo aziduladula, chidutswa uku chidutswa uko. Kothamanga, ndipo wotola mbale imodzi samva kanthu. Ndasankha koduladula.

"Amalume, ikafa imodzi zapita zonse," watero Gerevazio.

Ndati zakudambwe siziunjikidwa miyulu iwiri ngati mbatata za pa Chimbiya. Mbava itaba mbale imodzi, akazi azikamvera m'minibasi? Sukulu ndi yake, mwambo ndi wanga. Wachita monga ndanenera.

Loweruka, 13 Juni

Gerevazio wamaliza. A Petulo atsokomola m'makina asanayambe kuimba, ine thupi zii. Makaseti ndawotcha kuseri kwa dambwe, asatoledwe. Gerevazio sindinamuuze. Ndipemphe chilolezo kwa mwana wa mlongo wanga?

Lachiwiri, 23 Juni

A Sulemani, agolosale oyandikana ndi shopu, andipeza pamsika. Akuti magetsi akungothimathima, ndipo makina a Gerevazio akulira kete kete ngati nankafumbwe m'nkhokwe. Ndaseka kuti aone mano.

Lachinayi, 25 Juni

A Chimango, mkulu wa dambwe, atisiya. Nyimbo yowaperekeza ili mwa zija za achimwene. Anzanga akuti mawa tiyang'ana kwa inu. Ndatuma mawu ku boma kuti Gerevazio abwere ndi makina.

Lachisanu, 26 Juni

Chifunga mpaka pakhomo. Gerevazio wafika alibe makina, kanthu kokha kokulunga m'mpango.

"Iyi ndi yamoyo. Inzake yafa. Musade nkhawa amalume, ndipatseni makaseti aja ndiyambirenso."

Ndamupatsa mpando.

Mbale ili pamwendo panga, yozizira. Ndaiika pakhutu iye atayang'ana kumbali. Ng'oma zayamba kusiwa. Ndaiyamba nyimboyo chamumtima, ndafika paja achimwene ankakwezera mawu. Pamenepo ndaima.

Gerevazio akufunsanso kuti makaseti ali m'chipinda kapena kudenga.