Envulopu Yopyapyala ya Lorna

Lolemba, 4 Epulo

Chipale chasungunuka, pakoleji ponse matope okhaokha. Ngolo yanga ya makalata ikulira ngati mwana wankhumba.

Mayi Whitcomb, amene amasankha ana olowa pano pa Tilbury, andiitana muofesi. Mlandu wake ndi wa Loweruka lija, tsiku la makolo odzaona sukulu. Bambo wina wa jekete lodula anandiimitsa pakhomo pa laibulale. Ati, "Madala, kasukulu kakang'ono chonchi, mwana akaphunzira ndakatulo ndi Chigiriki, ntchito amaipeza?" Ine chipewa vuu. "Bwana, musadere nkhawa. Ineyo ndinamaliza pompano, filosofi, nambala wani m'kalasi. Taonani, anandipatsa ngolo yangayanga." Ine amene sukulu ndinalekeza giredi sikisi! Bamboyo anangogwira mwana wake padzanja, ulendo wa kugalimoto, osacheuka.

Ndiye walembera mkulu wa koleji kalata ya masamba awiri. Mayi W. andiwerengera yonse. "A Pickens, tili ndi ana mazana asanu ndi atatu okha. Chimene chimatibweretsera ana ndi mbiri. Zaka makumi atatu mwakhala mukutiseketsa, koma izi zokha muziona."

Ndinati pepani. Ndimafuna kuwonjezera kuti ngoloyo ndi yabwinodi, koma ndinaluma lilime.

Lachiwiri, 5 Epulo

Lero tsiku lotumiza mayankho kwa ana ofunsira malo pakoleji. Ngakhale galu wam'tauni muno amadziwa: envulopu yonenepa ndiye kuti akutenga, muli mapepala a chipinda chogona, mapu, nthawi za basi, zonse. Yopyapyala ndi tsamba limodzi la pepani. Ine sinditsegula ayi, ndimangoyeza ndi dzanja poika m'thumba la kupositi. Chaka chilichonse ndimaziimbira nyimbo, zonenepa ya ukwati, zowonda ya maliro.

Lero nyimbo inadukira pakati. Lorna Pickens, 12 College Road. Mdzukulu wanga, amene ndakhala naye chimwalirireni mayi ake. Yopyapyala ngati tsamba la anyezi.

Mwanayu sanafunsire malo kwina kulikonse. Kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri amakhala pawindo nkumaonera ana akoleji akuwerenga pakapinga. Mayeso onse anakhoza. Ndiye chatsala nchiyani? Pakamwa panga.

Sindinaiike m'thumba. Ili m'jekete.

Lachitatu, 6 Epulo

Ikadali m'jekete. Kapepala kamodzi koma kulemera ngati njerwa.

Lachinayi, 7 Epulo

Mnzake wa Lorna, Patsy wa kwa Drummond, walandira yake. Yonenepa ngati buledi. Anabwera nayo kwathu akuthamanga, anakumbatirana, kenako onse awiri maso kubokosi lathu la makalata. Mulibe kanthu.

Pachakudya Lorna ati, "Agogo, inu mumazinyamula. Simunaione yanga?"

Ndinati zinali zambiri, maso akalamba. Ati, "Maso amene amaona botolo la mowa lobisika m'chipinda cha ana asukulu kunsanjika yachitatu, inu muli pansi?" Ndinaseka kuti ndimuseketse. Sanaseke. Nyemba anazisiya, payi wa maapozi osamukhudza.

Ndinayesa kuiunika padzuwa kuseri kwa shedi. Pepala la ofesi imeneyi ndi lochindikala mwadala. Akuba anzanga anawaganizira kale.

Masana ana a chaka chomaliza amuveka bambo wachitsulo uja, chiboliboli cha woyambitsa sukulu, thewera ndi magalasi, monga amachitira Epulo aliyense. Anandiitana kuti ndiwagwirire makwerero. Ndinakana. Mmodzi ati, "Pulofesa wa filosofi wadwala!" Basi nkhani ija yafika paliponse.

Lachisanu, 8 Epulo

Ndinavala tayi ya pamaliro a mkazi wanga, nkukagogoda kwa Mayi W.

Ndinati, "Mayi, chotsani ine ntchito. Ngolo nayi, makiyi nawa. Bambo uja ndimulembera ndekha, ndivomera kuti filosofi sindidziwa ngakhale kalembedwe kake. Koma mwanayo sanalakwe. Mbuzi ikadya munda sumamenya mwana wake."

Anavula magalasi. "Mukunena chiyani, a Pickens? Lorna wawerenga kalata yake?"

Ndinaitulutsa m'jekete. Yapindika, pakona padontha khofi.

Anaiyang'ana, nkundiyang'ana ine. "Masiku atatu muli nayo?"

"Anayi mawa."

"Mwatsegula?"

"Ayi, mayi. Ndine wabodza koma si wakuba."

Pamenepo milomo yawo inachita zachilendo, ngati munthu wofuna kuyetsemula m'tchalitchi. Anatembenukira kuwindo, mapewa akugwedezeka. Ndinati akulira, zinthu zavutadi. Potembenuka ati, "Kalata si yanu. Kapatseni mwini wake. Za m'katimo sindikambirana ndi wonyamula makalata." Ndinapempha kuti angondiuza pang'ono pokha. Ati, "Ayi. Inunso mulaweko kudikira. Makiyi anuwo tengani, makalata a masana sanagawidwe."

Mtima wa mayi ameneyu ndi mwala wa pamtsinje.

Lorna ali kuntchito yake ya kusitolo mpaka atseke. Mawa m'mawa. Ndakonza zonena kasanu, zonse zoipa.

Loweruka, 9 Epulo



Ndinamukazingira mazira, nkuika envulopu pambali pa mbale. Ndinaulula zonse, za bambo wa jekete, za Mayi W., za masiku anayi. Anaiyang'ana kupyapyala kwake, nkhope inagwa. Ati, "Agogo, mukanangondipatsa. Kulira ndikanalira Lachitatu, pano nditatha." Amanena zoona.

Anaing'amba ndi mpeni wa batala. Tsamba limodzi. Anawerenga chamumtima, ine maso pa mazira. Kenako ndinamva mpando ukugwa.

Amutenga! Amutenga mwana!

Ndinati, "Nanga kuwondaku?" Anandiwerengera mzere wapansi: poti analemba kuti azigonera kunyumba, mapepala a chipinda sanaikemo, ndipo mapu ndi nthawi za basi aona kuti nzosafunika kwa munthu wokhala kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi geti. Zaka makumi atatu ndikuyeza ndi dzanja, osaganizapo kuti chimanenepetsa envulopu ndi mtunda wa kwanu.

Ndinakhala pansi penipeni, pasimenti. Lorna akuseka misozi ili mbwembwembwe, akundimenya ndi kalatayo pamutu. "Nkhalamba yopanda khalidwe! Masiku anayi osadya ine!"

Tayankha kuti inde nthawi yomweyo, ndipo wakapereka yekha kuofesi. Ati sakhulupirira anthu a makalata a pano.

Pobwera ndinamufunsa kuti akaphunzira chiyani. Anaima pakhomo, nsapato zili matope, nkundiyang'ana ndi diso lija la agogo ake aakazi.

"Filosofi. Ndiye ngolo ija muziithira mafuta, Agogo. Zaka zinayi zikatha ndidzaifuna."