Masipuni anayi a madzi

Lolemba, 14 Okutobala

Kutentha. Nditangofika kuchokera kusukulu amayi anandipatsira Bwana, iwo ulendo wa kuchigayo. Bwana ndi mwana wa achimwene, ali ndi miyezi itatu. Dzinalo tinamupatsa chifukwa akangolira nyumba yonse imathamanga. Alamu anali kudimba, akupopera tomato mankhwala, ndiye sakanamubereka. Achimwene ali kutali kuntchito.

Ndinazungulira naye nyumba, kumuimbira, osatonthola. Milomo ili gwa. Mayeso a masamu ali Lachitatu. Ndinatunga madzi mundowa nkumumwetsa masipuni anayi. Anameza, nkugona.

Pakhoma pali pepala la kusikelo: bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale madzi ayi. Ndine amene ndinawawerengera alamu tsiku limene anabwera nalo. Sindinauze munthu.

Lachitatu, 16 Okutobala

Bwana akutsegula m'mimba kuyambira dzulo. Matewera asanu ndi awiri pachingwe. Masamu aja sindikudziwa kuti ndalembamo chiyani.

Lachinayi, 17 Okutobala

Amayi akuti vuto ndi alamu. Akuti mkaka ukakhalitsa m'bere padzuwa umasasa.

"Musiyitseni kaye bere, timupatse kaphala. Onsewa ndinalera choncho, anafa ndani?"

Alamu anayankha chapansipansi kuti kusikelo anakaniza.

"Anamwino anuwo ali ndi ana angati?"

Kuchitsime nkhani yafika kale. Ndamva mayi wina akuti atsikana a masiku ano amakonda tomato kuposa ana. Alamu anadzitsekera kuchipinda, akumuyamwitsa mobisa ngati akuba. Ine pakhonde, buku lili pa tsamba lomwelomwelo mpaka dzuwa kulowa.

Lachisanu, 18 Okutobala

Ndajomba. Ndinawakweza alamu ndi Bwana panjinga mpaka kuchipatala. Namwino anamutsina khungu la pamimba, nkufunsa ngati walawako china kupatula bere. Alamu anati ayi, angathe kulumbira. Namwino anawayang'ana m'mene aphunzitsi amayang'anira munthu woonera mayeso.

Ndinalankhula ndili pakhomo pomwepo. Mawu anatuluka aang'ono. Tsiku, ndowa, masipuni, zonse.

Namwino sanakalipe. Anangofunsa ngati madziwo anali owiritsa. Anati sangatsimikize kuti ndi omwewo, koma mkaka susasa m'bere, ndipo bere asasiye, awonjezere kumene. Anapereka mankhwala. Kenako anandituma panja kuti awaphunzitse alamu kufinyira mkaka m'kapu.

Pobwerera alamu anakana kukwera. Anayenda wapansi njira yonse, ine ndikukankha njinga pambuyo pawo.

Loweruka, 19 Okutobala

Alamu sakundilankhula. Bola akanandilalatira.

Lamulungu, 20 Okutobala

Ndawauzanso amayi, ndekha. Anati, "Madzi okha angadwalitse mwana?" Koma za phala sanazitchulenso. Ndikuganiza kuti iwonso amaopa, monga ndinaopera ine Lolemba. Mwana akamalira m'manja mwako ulibe bere, umafuna kumupatsa chilichonse chomwe uli nacho.

Lolemba, 21 Okutobala

Bwana wayambanso kukankha miyendo. Ndafika kuchokera kusukulu ndapeza alamu akudikira pakhomo, pampu ili kale kumsana, m'manja muli kapu yovundikira ndi kambale. Amayi anatambasula dzanja. Alamu anawapitirira, nkundipatsa ineyo.

"Theka akadzuka, theka dzuwa likapendeka. Musamuthire m'kamwa, azipsontha yekha. Mwamva, alamu?"

Ndinangogwedeza mutu. Atapita, amayi anakoka kampando.

"Tasendera kuno, ndione m'mene ukumumwetsera."