Matapeti a Pikapu ya Abambo

Mchimwene wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi akazi ako ndi ana. Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno tadzuka. Amayi miyendo ndi yomwe ija, koma akudya, ndipo Lachinayi lililonse ndimapita nawo kuchipatala.

Moni athere pomwepa, chifukwa ndapsa mtima.

Uthenga wako ndinaumva, osati kwa iwe, koma kwa alamu, amuna a mng'ono wathu. Akuti wanena kuti pikapu ya malemu abambo igulitsidwe poti injini yafa, ndiponso ine ndisaikhudze chifukwa sukulu ya zamakina sindinaimalize. Zikomo pondikumbutsa. Ndinali nditaiwala kuti ndinasiya yunivesite chaka chachitatu kudzatembenuza abambo pabedi, iwe uli kujambulitsa ndi chipewa cha makona anayi.

Tsono imva zomwe sanakuuze.

Galimotoyo inayamba kulira tiki-tiki-tiki m'mawa, ngati makina osokera, n'kumaleka injini ikatentha. Ndinawauza alamu, amene ankaiyendetsa chimwalirire abambo, kuti ndi matapeti, tizitsulo tija timakankha mavavu, ndipo akulira chifukwa oyilo watha ntchito. Anaseka, nati mkazi amadziwa kulira kwa poto basi. Mankhwala awo oyamba anali kukweza wailesi. Achiwiri, anathira oyilo wa mugiyabokosi, wolemera ngati uchi, akuti atseke pakamwa injini. Oyilo wotero angadutse bwanji pa kabowo ka tapeti konga diso la singano? Phokoso linachita kukulirakulira.

Kenako anabwera ndi makaniko wawo, mkulu wa ovolosi yoyera ngati ya namwino. Sanatsegule n'komwe boneti. Anaima chapatali, manja m'thumba, napukusa mutu, nati injini yagogoda, yatha. Mwamwayi, akuti, ali ndi msuweni amene angatichotsere chitsulochi pakhomo. Mwayi wake umenewo! Amayi atamva anangofunsa chapansipansi ngati Lachinayi azikwera minibasi ndi miyendo ija. 

Ukukumbuka mmene abambo ankamvetsera injini? Nsonga ya sikuludiraiva yaitali pachitsulo, chigwiriro kukhutu. Iwe unkathawa kuopa kuda malaya, ine ndinkaima pa kreti n'kumamvetsera. Ndinachita zomwezo. Pansi panali zii. Injini yogogoda imalira pansi, mozama, ngati munthu akumenya chitseko. Iyi inkalira pamwamba, kutsogolo, malo amodzi okha.

Nayi nkhani imene ndikukulembera: lamulo lako ndaliphwanya.

Loweruka, alamu atapita kokawonera mpira, ndinatulutsa bokosi la masipanala a abambo. Oyilo ndinakhetsa anali phala lakuda. Fyuluta yosefa oyilo inali yomwe anaika abambo, tsiku lake lolembedwa ndi dzanja lawo. Zaka zitatu, mchimwene! Munthu amene amapukuta matayala tsiku ndi tsiku sanasinthepo fyuluta. Nditatsegula chivundikiro chapamwamba ndinapeza tapeti imodzi yofooka, yobonyeka ndi chala. Imeneyo ndinagula ina. Zotsalazo ndinaziviika mu parafini, n'kutokosa timabowo ndi kawaya, n'kubwezera iliyonse pamalo pake. Kenako ndinasintha fyuluta n'kuthira oyilo watsopano.

Sindikubisira, nditaliza injini phokoso linabwera loposa kale. Amayi anali pakhonde, akundiyang'ana.  Ndinati mumtima mwina n'zoona, ndine wosamaliza, ndapha chotsala cha abambo. Ndinaima pomwepo, manja akuda bii, mpaka oyilo watsopano anakwera. Tiki-tiki anayamba kutalikirana, kenako anangoti zii. Amayi anafunsa ngati ndazimitsa. Ndinati ayi, ikuyaka.

Alamu atabwera anazungulira galimoto kawiri, nati oyilo wawo uja wayamba kugwira ntchito. Lolemba msuweni wa makaniko anafika ndi chingwe chokokera. Ndinamuuza kuti chingwecho akamangire mbuzi.

Koma akuti abweranso, chifukwa mapepala a galimoto ali m'dzina lako ndipo iwe unavomera kale pafoni. Abambo anakulemba iwe poti ndiwe mwamuna, ngakhale sudziwa kumene amathira madzi. Sindikupempha kuti undiyamike, kapena undibwezere zaka zanga. Ndikupempha chinthu chimodzi: usasaine. Ukafuna umboni, imba Lachinayi m'mawa, ndiika foni pa boneti umve wekha. Ukasaina, ubwere udzawabereke amayi kumsana popita kuchipatala, digiri yako udzawafunditse.

Makiyi ndawamanga pa chingwe, ali m'khosi mwanga. Alamu amayenda pansi masiku ano, ndipo mimba yawo yayamba kuphwa.

Mulungu akusunge, akupatsenso makutu. Undiperekere moni kwa akazi ako, ana uwapsompsone. Amayi akuti ukamadzabwera usavutike ndi basi, tidzakuchingamira pa pikapu.

Ndine,
Chemwali wako, wosamaliza sukulu uja