Alamu Yaitana Lily

Bambo a Thoko,

Mukapeza mawaya akulendewera pakhomo musadabwe, si akuba. Alamu yanu ija ndazula ndine. Pepani, khoma lagamuka pang'ono.

Paja ine ndinkafuna yolira ngati ambulansi, inu n'kukakamira yoimba foni, mukuti imadziwitsa anthu awiri nthawi imodzi. Ndiye m'mawa uno pokolopa ndatsegula windo la kuchipinda ndisanaizimitse. Foni yanga ili pambali panga, zii! Koma pasanathe mphindi khumi kabaza waima pageti. Wotsikapo ndi Lily, wa saluni ya pa Nathenje uja, ali wefuwefu, akufunsa kuti, "Efulemu ali bwino?"

Efulemu! Ine zaka khumi ndi ziwiri m'banja muno sindinakutchulenipo dzina. Ndipotu wabwera atavala jekete lanu lija munkati linatayika mu minibasi.

Munthu wachiwiriyo ndi ameneyu eti?

Ndapita ku Mitundu kukaisinthitsa. Mukatenge Thoko kusukulu, ndipo musachoke, ndikupezeni.

Ndikubwera ndi yolira ija. Ikalira, mudzi wonse uzimva, osati mkazi mmodzi.

Ndine wanu wa ku tchalitchi uja,
Jacinta