Mendulo yakupsa ya Rozina

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno tilipo. Mwana wanu Chikondi anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu lija la Rozina. Kulira kwake ngati inu mukamaitana ogula tomato mumsika. Chimanga kumudzi chachita bwino, koma denga lakukhitchini likudonthabe.

Nkhani yaikulu ndi yakuti ndayamba kuphunzira ntchito. A Gondwe, aja ankagwira ntchito m'boma ku Kapitolo, atapuma anatsegula kashopu kuno ku Old Town, n'kugula makina a leza olembera pachitsulo. Kakuwala kake n'kowonda ngati singano, koma kamawotcha zilembo pachitsulo mwakuti sungafufutenso. Atandiuza kuti ndisankhe ntchito yoyambira, ndinakumbukira beseni lanu.

Munkatiuza kambirimbiri za tsiku limene inu amayi amumsika munapambana ntchemberembaye, akuluakulu n'kukupatsani mabeseni apulasitiki m'malo mwa mamendulo. Munkaseka, koma ndinkaona kuti zinkakuwawani. "Beseni salivala m'khosi," munkatero mukuchapiramo. Ndiye ndinati ndikonza mamendulo asanu ndi awiri, timu yonse. A Gondwe anandipatsa asanu ndi atatu osalembapo kanthu, amvekere, "Omwewa basi, mwana wanga, ena abwera mvula ikatha."

Ndinayenda kwa anzanu asanu amene ali moyo kukafunsa mayina awo enieni. Amayi, zaka zonsezi kani dzina la Anabanda ndi Esinati! Atalitchula anabisa nkhope m'chitenje ngati kamtsikana.

Phuma langa mumalidziwa. Ndinayambira yanu, osayesera kaye pachitsulo chotaya monga anandilangizira a Gondwe. Ndinachulutsa moto, mendulo n'kuda bii. Ndinatenga ina, koma sindinaimange bwino, inasuntha, zilembo n'kukwerana. Pamenepo ndiye ndinafatsa, ndipo asanu a anzanu anatuluka okongola, mpaka a Gondwe anavula magalasi n'kuwayang'ananso.

Inatsala imodzi, koma omwalira muli awiri, inu ndi Anachisale. Ndinakhala nayo m'manja masana onse, mtima ukundiwawa, chifukwa ntchito yonseyi ndinayambira inu. Kenako ndinakumbukira zomwe munkanena tikakufunsani chifukwa chake simunkagoletsa: "Ine ndimasewera pakati, yanga n'kupatsira." Ndinalembapo dzina la Anachisale. Ndinalira pang'ono, sindikubisirani.

Loweruka tinakumana ndi anzanu aja ku Area 13, kwa mwana wa Anabanda, kumene Anabandawo akukhala masiku ano chifukwa cha miyendo. Munthu aliyense ndinkamutchula dzina lake lenileni ndikamamuveka, ntchembere zija nthungululu kuti lululu, mpaka mlonda wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. Mwana wa Anachisale analandira ya mayi ake atagwada.

Phokoso litatha Anabanda anandiyang'ana. "Iwe Tadala, nanga ya Rozina ili kuti?"

Ndinafuna kunama kuti ndaiwala. Koma ndinatulutsa yakupsa ija m'chikwama, manyazi atandigwira, n'kufotokoza zonse. Anaitenga, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuiyandikitsa kumaso.

"Dzina likuwerengeka ili," anatero. "Bweretsa chingwe, ugwade apa."

Anandiveka ine, Amayi. Akuti tsiku la mabeseni lija inu munasewera chala chitathyoka osauza munthu, ndiye mendulo yosalala sikanakuyeneraninso. Zimenezi simunatiuzepo! Ndinabwerera nayo m'khosi mpaka mu minibasi, kondakitala akundiyang'ana, ine osaivula.

Mmodzi mwa zidzukulu za anzanu ndi mphunzitsi, ndipo wandiuza kuti ndidzakonze mamendulo a ana othamanga pasukulu pawo. A Gondwe avomera, bola ndiziyesera kaye pachitsulo chotaya. Anandifunsa ngati ndidzafune kukulemberani ina yabwino zitsulo zikabwera. Ndakana.

Beseni lija lilipo, tinalimata pomwe linang'aluka, ndipo ndi lomwe tikusambitsira Rozina wamng'ono. Mendulo yanu ndaikoloweka pakhoma pamwamba pake. Ndikukulonjezani kuti khosi lake likalimba ndidzamuveka, ndipo ndidzamuuza za chala chija.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu waphuma,
Tadala