Mapiri Omangidwa ndi Manja

Palabana, Chongwe
9 Novembala 2024

Okondedwa asisi Judith,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndabwerako ku Mexico kumene a kuntchito ananditumiza kukaphunzira za mbewu ya chimanga. Za maphunzirowo tidzakambirana pamaso. Lero ndifuna mumve za Loweruka lina limene anatitengera ku Teotihuacan, mzinda wakale umene eni ake anausiya zaka zoposa chikwi zapitazo.

Asisi, ndinaona mapiri omangidwa ndi manja a anthu. Miyala yosanjikizana mpaka khosi kuwawa poyang'ana, ndi msewu wowongoka ngati anachita kukoka chingwe, zonsezo popanda ngolo kapena ng'ombe. Mayi wotionetsa malowo, a Rosaura, anatiuza kuti mu 2003 mvula inaboola dzenje patsogolo pa kachisi wina. Akatswiri ofukula zakale atalowamo anapeza njira yapansi imene inatsekedwa zaka pafupifupi 1,800 zapitazo. Munali mikanda, zigoba za m'nyanja, zosema za mwala wobiriwira, ngakhalenso mbewu.

Ndinawafunsa chimene omanga onsewo ankadya. Iwo anati, "Chimanga. Makolo a dziko lino anachiweta kuchokera ku udzu wakuthengo. Chaka ndi chaka mlimi ankapatula ngala yabwino n'kusunga. Mzinda wonsewu unamangidwa ndi anthu okhuta."

Anzanga anapitiriza kujambula, ine ndinakhala pamwala, mtima uli kwathu ku Nkomeshya. Pali chinthu sindinakuuzeni. Zaka zitatu zapitazo, pa msonkhano wa alimi kumudzi, ndinanyamula ngala ya chimanga cha makolo chimene atate amasunga, n'kunena pagulu kuti iyi ndi mbewu ya umphawi. Anthu anaseka. Atate anatola chipewa chawo n'kuchoka. Kuyambira pamenepo ndinkangodutsa pa njinga yamoto osapatuka, ndipo inu mukafunsa ndinkati ntchito yachuluka.

Lamulungu lapitali ndinakwera minibasi n'kupita kumudzi. Ndinawapeza atate pakhonde akusankha mbewu. Ndi chilala cha chaka chino yatsala chitini chimodzi chokha, ndipo aonda, asisi, chifukwa anakana kuti chigayidwe. Ndinasowa poyambira, ndiye ndinangowapatsa foni kuti aone zithunzi. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Ni anthu anamanga izi?"

"Ni anthu, atate. Odya chimanga ngati ife."

"Ndiye kuti anali kudziwa kuti mbewu sadya," anatero.

Ndinagwada n'kuyamba kupepesa, koma sanandilole kumaliza. "Leka kukamba, Sanford. Gwira lichero, maso anga saona bwino zofumbwa." Tinasankha limodzi mpaka chitini chinatha. Pochoka anandithirira makapu awiri m'kathumba kuti ndikayese kuno ku Palabana.

Pempho langa n'lakuti mukapeza mpata mubwere mwezi uno, muwatengereko nsapato za kumunda, chifukwa zawo zang'ambika ndipo kwa ine sangalandire msanga.

Moni kwa alamu, kwa Kondwa ndi Clarissa. Amayi akuti akusowani. Atate nawonso akupereka moni. Akuti ndikuuzeni kuti mvula ikagwa tidzabzala munda wa kumtsinje, ndipo mulembe m'mutu kuti chaka chino ana awo onse awiri adzakhalapo.

Ndine mlongo wanu,
Sanford